Inu ogulitsa njinga zamagetsi, bwezani K53,000 yanga ndipo mnyamata wa mu ofesi yanu uja mumuphunzitse ulemu

Ndalemba pano pa tsamba lanu chifukwa nambala yanu ya makasitomala imangoitana osayankhidwa, ndipo mauthenga anga a pa WhatsApp mukuwerenga koma kuli zii. Ndiye tikambirane pagulu, kuti onse amene mukuwaitana tsiku ndi tsiku kuti adzatenge njinga yamagetsi amve nawo.

Ine ndine wa kabaza, ndimaima pa Nsungwi ku Area 25 kuno ku Lilongwe. Njinga yanu ndinatenga nthawi ija mafuta anasowa kumapeto kwa 2024, pamene tinkachezera pamzere wa petulo kapena kugula wa m'zigubu pamtengo wolasa mtima. Apo n'kuti kwacha itagwa kale ndi 44% mu Novembala 2023, oyilo ndi zipangizo za njinga zitakwera mosasimbika. Ndinagulitsa njinga yanga yakale, mayi a kunyumba anakatenga ina ku banki m'khonde, n'kukupatsani dipoziti ya K380,000. Tinasainirana kuti ndizilipira K8,500 tsiku lililonse mpaka njinga idzakhale yanga, ndi K3,500 nthawi iliyonse ndikasintha batire. Mu mgwirizanomo munalembamo nokha kuti batire ndi lanu, ine ndimangobwereka moto. Mawu amenewo muwasunge, tiwafuna kutsogoloku.

Njingayo payokha sindikuinyoza ayi. Ilibe za oyilo, ilibe pulagi, siifuna kugwejemula m'mawa kukazizira, ndipo azimayi achikulire amaikonda chifukwa siichita phokoso komanso siiwaotcha mwendo. Anzanga angapo a pa siteji pathu anabwera kwa inu chifukwa cha pakamwa panga. N'chifukwa chake zimene mwandichitazi zikundiwawa kawiri.

Sabata yathayi, kaya linali Lachiwiri kaya Lachitatu, ndinasintha batire m'mawa pa siteshoni yanu ya kufupi ndi kwathu. Linaonetsa 98%. Ndinayenda timaulendo tamfupi ta mu 25 momwemo, kenako ndinanyamula mayi wina amene ankapititsa chakudya kwa wodwala ku chipatala cha Central. Analibe katundu, basiketi yokha ndi fulasiki ya phala. Titangodutsa pa interchange ya Area 18, batire likuonetsa 41%, njinga inangoti zii pakati pa msewu wa M1, minibasi ili pambuyo pathu ikuliza hutala. Mulungu yekha ndiye anatipulumutsa. Mayiwo ndinawabwezera K4,000 yawo n'kuwaimitsira mnzanga wa njinga ya petulo kuti asaphonye nthawi yoonera odwala.

Abale anga amene simunakwerepo njinga zimenezi, mumve bwino apa. Batire likachoka pa 41% n'kuzima nthawi imodzi, sikuti moto watha. M'kati mwake muli timabatire ta lithium tambirimbiri tolumikizidwa m'magulu, ndipo muli kachipangizo kotchedwa BMS komwe kamatiyang'anira. Gulu limodzi likafooka n'kutsika kuposa anzake, kachipangizoko kamadula moto wonse kuti batire lisaonongeke kapena kupsa. Izi sindinazipeke ine. Anatiphunzitsa ndi anthu a kampani yomweyi tsiku lomwe tinkalandira njinga. Ndipo njinga yamagetsi ikakuzimira panjira, sungapemphe mnzako theka la lita m'kabotolo kuti ukafike. Umatsika n'kuyamba kukankha, chitsulo cholemera kuposa makilogalamu 100, dzuwa lili pamutu.

Ndinatsegula appu yanu, inandionetsa kuti siteshoni yapafupi ndi yotsegula ndipo mabatire odzaza alipo. Ndinalipiriratu K3,500 pa Mpamba monga mumatiuzira, uthenga wotsimikiza unabwera. Ndakankha, ndakankha, malaya onse atanyowa, kufika pamalopo chitseko n'chokhoma. Mlonda, bambo waulemu ndithu, anandiuza kuti magetsi anazima chiyambire usiku, mabatire onse ndi opanda moto, ndipo mnyamata wapamenepo watseka n'kupita kwawo. Nanga appu yanu imalandiriranji ndalama za katundu yemwe palibe? Musandiuze kuti kuzima kwa magetsi kunakudzidzimutsani. Dziko lonse likukumbukira mdima umene tinauona namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, mamegawati pafupifupi 130 n'kuchoka nthawi imodzi. Munabwera kudzachita bizinesi ya magetsi m'Malawi muno mukudziwa zonsezi, ndiye siteshoni yopanda sola, yopanda jenereta, munaimanga mukuganiza chiyani?

Ndinachita hayala kapikapu K15,000 kuti njinga ikafike ku ofesi yanu yaikulu m'tauni. Apa ndi pamene pagona nkhani yanga.

Ndinalowa, ndinavula chisoti, ndinapereka moni. Mnyamata wa pa kauntala, msinkhu wa mwana wanga woyamba, sanadzutse ngakhale mutu pa foni yake. Ndinaima pamenepo mpaka analowa bambo wina wovala tayi amene ankafunsa mitengo ya njinga zoti agulire antchito ake. Ameneyo ndiye anapatsidwa mpando, anafunsidwa ngati amwe madzi, anaperekezedwa mpaka pakhomo. Atachoka ndi pamene mnyamatayo ananditembenukira n'kunena kuti, "Iwe, ukufuna chani?"

Ndinameza malovu, ndinafotokoza zonse bwinobwino, ndinamuonetsa uthenga wa K3,500 uja. Sanauyang'ane n'komwe. Anaseka, n'kuuza mnzake wapambali mokweza kuti anthu onse amve: "Akabaza awa ndi omwewa, amapachika matumba atatu a makala ngati ngolo, batire likafa azibwera kudzalira kuno." Munali anthu mu ofesimo, munali ndi azimayi. Ine bambo wa ana anayi, imvi zayamba kale, kusekedwa ndi mwana chifukwa ndabwera ndi thukuta la njinga ya kampani yake yomwe.

Ndinamupempha chinthu chimodzi chokha: achimwene, lumikizani batireli ku kompyuta yanu tione. Mumatiuza nokha kuti batire lililonse lili ndi nambala yake, ndipo kompyuta imasunga mbiri yake yonse, latchajidwa kangati, linatentha liti, anali nalo ndani. Ine ndinalitenga m'mawa wa tsiku lomwelo. Lisanafike kwa ine ladutsa m'manja mwa anthu angati? Anayankha kuti amisiri apita kokadya, komanso iye alibe nthawi yokangana ndi munthu wosadziwa zamagetsi. Kenako anatenga pepala n'kulemba kuti ndaononga batire, chindapusa K60,000, ndisaine. Batire limene sanalikhudze ndi chala chomwe! Ndinakana kusaina, ndipo ndikukanabe. Nditafunsa a manijala, akuti ali pa msonkhano. Nditafunsa dzina lake, anabisa kabaji kake m'thumba n'kuuza mlonda kuti anditulutse chifukwa ndikusokoneza makasitomala. Kodi ine amene ndimakupatsani K8,500 tsiku lililonse, ngakhale Lamulungu, ndine chiyani pamaso panu ngati si kasitomala?

Anandiuza kuti sandipatsa batire lina mpaka nkhani ya K60,000 itatha. Njinga inagona kwa inu komweko, ine n'kukwera minibasi kubwerera kunyumba manja ali lende. Masiku otsatirawo sindinagwire ntchito, ana anadya za ngongole ya pa okala. Koma makina anu owerengera ndalama sanapume. Uthenga unkabwera m'mawa uliwonse kuti ndili ndi ngongole, ndipo nditabweranso, munthu wina wachifundo wa ku shedi kwanu atandipatsa batire lina mwakachetechete, njinga inakana kuyaka. Akuti mwaitseka pa kompyuta chifukwa sindinalipire. Kuti muitsegule ndinalipira K25,500 ya masiku amene njinga inali m'manja mwanu, n'kuwonjezeranso K5,000 ina yomwe mukuitcha yotsegulira. Ndinakongola kwa katapila kuti ndipeze ndalama imeneyo, chifukwa ndikanachedwa mukanati ndaphwanya mgwirizano, n'kulanda njinga pamodzi ndi dipoziti yanga.

Taonani mmene zinthu zilili, anthuni. Kasitomala akachedwa tsiku limodzi, kompyuta yawo imadziwa pompo, njinga n'kuzimitsidwa munthu ali kutali. Koma batire lawo likafooka, kompyuta yomweyo akuti ikudikira amisiri abwere kokadya. Siteshoni yawo ikatsekedwa, appu siidziwa. Mwati n'chilungamo chimenechi?

Tiwerengere limodzi, kuti musadzati ndikukokomeza. K3,500 ya batire lomwe sindinalandire, K4,000 yomwe ndinabwezera mayi aja, K15,000 ya pikapu, K25,500 ya masiku amene njinga munaisunga inu, ndi K5,000 yotsegulira. Yonse pamodzi K53,000. Sindinaikepo ndalama yomwe ndikanapeza masiku amenewo, kapena chiwongoladzanja cha katapila chomwe chikukwera pamene ndikulemba pano. Imeneyi ndikuifuna pa nambala yomweyo imene mumanditumizira mauthenga a ngongole. Chindapusa cha K60,000 chifufutidwe, ndipo mundipatse kalata yosainidwa yonena zimenezo, osati mawu apakamwa. Batire lija mulilumikize ku kompyuta ine ndili pomwepo, tione tonse amene analiononga. Ndipo mnyamata uja apepese pa kauntala pomwe ananditukwanirapo. Sindikuti achotsedwe ntchito, nayenso ali ndi omudalira, koma wina amuuze kuti malipiro ake amachokera m'thumba la akabaza omwe akuwasekawo.

Ndikukupatsani mpaka Lachisanu. Likadutsa muli chete, ndikutenga mgwirizano wathu, mauthenga onse a Mpamba ndi chithunzi cha pepala la K60,000 lija, ndikupita nazo ku Competition and Fair Trading Commission, ndipo a bungwe loimira ogula la CAMA nawonso amva. Lamulo loteteza ogula lilipo m'dziko muno kuyambira 2003, silinalembedwere ovala tayi okha. Musaganize kuti ndili ndekha. Nditafotokoza pa siteji pathu, anzanga ena anatulutsa mafoni awo n'kundionetsa zindapusa zofanana ndi changa, za mabatire omwe anawazimira panjira chimodzimodzi. Tagwirizana kuti ngati simuyankha, tibwera tonse ndi njinga zathu kudzaziimika pakhomo pa ofesi yanu m'mawa, nthawi imene mabwana ogula zambiri aja amafika, ndipo atolankhani tiwaitana.

Anzanga a kabaza amene muli ndi njinga za kampaniyi, kaya muli ku Kawale, ku Chinsapo, ku 23 kapena ku Likuni, mukamalandira batire muzijambula nambala yake ndi zimene likuonetsa musanachoke pa siteshoni, ndipo pepala lililonse lonena kuti mwaononga kanthu musasaine batirelo lisanayezedwe inu mukuona. Amene munalipitsidwapo kale chindapusa chotere lembani ndalama yake m'munsimu, ndikufuna ndikapite nayo ku Commission yonse pamodzi.