Kalata kwa Mayi: za diripi ya ayironi imene ndinalandira ku Leeds

Okondedwa Mayi,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi onse pakhomopo. Ine kuno ndili bwino ndipo ndinabwerera kale kuntchito yanga yosamalira okalamba. Ndasankha kulemba kalata m'malo moimba foni chifukwa nkhani imene inakufikani, yoti ndinagonekedwa m'chipatala ndi kuikidwa magazi, si yoona, komanso ndikufuna kuti mng'ono wanga, amene kusikelo anamuuza kuti magazi ake ndi ochepa, awerenge yekha modekha.

Chimene ndinalandira ndi mankhwala a ayironi odzera mu mtsempha. Mukudziwa kuti kuyambira ndili mtsikana msambo wanga umabwera wambiri, ndipo madokotala kuno anapeza kuti ndili ndi zotupa za m'chiberekero zimene zimachititsa zimenezi. Ndinayamba kutopa msanga, kumva chizungulire ndiponso kupuma mwawefuwefu pokwera masitepe. Atandiyeza anaona zinthu ziwiri. Choyamba ndi hemoglobini, imene kwathu timangoti Hb: kwa mayi wosayembekezera siyenera kutsika pansi pa 12, kwa woyembekezera pansi pa 11, ndipo yanga inali yotsika kwambiri. Chachiwiri ndi feritini, imene imasonyeza ayironi amene thupi lasunga, ndipo ameneyu anali atatsala pang'ono kutheratu. Thupi limapanga lokha magazi m'kati mwa mafupa, koma silingathe popanda ayironi, monga momwe mayi sangaphikire nsima m'nyumba mopanda ufa ngakhale moto uli lawilawi.

Anayamba kundipatsa mapiritsi, omwewo amene amaperekedwa kusikelo kwathu. Ndinamwa mokhulupirika, koma ankandidzimbira ndi kundichititsa nseru, ndipo popeza ndinkapitirizabe kutaya magazi mwezi ndi mwezi, Hb sinkakwera. Matumbo amangotenga gawo laling'ono la ayironi wa m'mapiritsi, choncho pamene zotuluka zikuposa zolowa, munthu sangachire. Apa m'pamene dokotala anaganiza za diripi.

Mankhwala amene anandipatsa amatchedwa ferric carboxymaltose, ndipo pabotolo pake amalemba Ferinject. Ndi madzi oderako kwambiri, ndipo ndikuganiza kuti mtundu wakewo ndi umene unasokoneza munthu amene anaona chithunzi changa n'kufalitsa zoti ndi magazi. Amayamba akuyeza kulemera kwa thupi, chifukwa mlingo wake umatengera sikelo ndi Hb, ndipo sapyola mamiligalamu 1,000 pa ulendo umodzi. Diripiyo imatha m'mphindi pafupifupi 15, kenako amakusunga mphindi zina 30 akukuyang'anira, ndipo ukatero umabwerera kunyumba tsiku lomwelo. Palinso mtundu wina wotchedwa iron sucrose umene amapereka mamiligalamu 200 okha nthawi imodzi, moti munthu amayenera kupitako maulendo angapo. Jakisoni wakale wobaya m'thako, amene ankapweteka ndi kusiya banga pakhungu, masiku ano sakonda kumugwiritsa ntchito.

Mphindi 30 zoyang'anirazo si mwambo chabe, Mayi. Anthu ena amamva kutentha kumaso, kuthina pachifuwa kapena kupweteka kwa msana diripi ikangoyamba, ndipo namwino amaimitsa kaye mpaka zitadutsa. Ochepa kwambiri thupi lawo limakaniratu mankhwalawa moti amalephera kupuma, ndipo pamafunika mankhwala ena apompopompo kuti apulumuke. Singano ikaphonya mtsempha, mankhwala amatayikira pansi pa khungu n'kusiya banga loderako limene limatenga nthawi yaitali kuti lichoke. Kwa ena amatsitsanso mchere wina wa m'magazi wofunika pa mafupa. N'chifukwa chake ndikupempha kuti wina aliyense asadzabweretse mankhwala otere pakhomo kuti abaye mng'ono wanga, ngakhale atakhala wodziwika bwanji, ndipo inenso sindingawatumize m'katundu monga anapemphera alamu anga. Amaperekedwa kuchipatala kokha, pambuyo poyeza magazi, chifukwa thupi lilibe njira yotulutsira ayironi wochuluka, ndipo akapyola muyezo amaunjikana m'chiwindi.

Musaganizenso kuti munthu amadzuka wamphamvu mawa lake. Kuikidwa magazi kumathandiza nthawi yomweyo, n'chifukwa chake amaika anthu amene moyo wawo uli pachiswe, pamene ayironi amadikira kuti thupi lipange magazi atsopano. Ine ndinayamba kumva kupepukidwa patapita masabata, ndipo anandiuza kuti kuyezanso Hb pasanathe masabata 4 kulibe phindu. Anandiuzanso mosabisa kuti ngati zotupa zija sizisamalidwa, ayironi ameneyu adzathanso, choncho ndikupitiriza kuonana ndi madokotala a matenda a amayi.

Tsopano za mng'ono wanga. Mimba imodzi imafuna ayironi wokwana pafupifupi mamiligalamu 1,000, wa mwana, wa nsengwa ndi wa magazi owonjezera a mayi, ndipo iye watenga mimba iyi mwana wake woyamba asanakule. Kulakalaka dothi kumene munanena kuja, ngakhale kwathu timakuona ngati chizolowezi cha amayi apakati, nthawi zambiri ndi chizindikiro chakuti ayironi wachepa, ndipo dothilo limalepheretsanso thupi kutenga ayironi wa m'zakudya. Asasiye mapiritsi. Chimbudzi chikada asaope, ndi mmene mankhwalawo amachitira. Asamamwere tiyi kapena mkaka, koma madzi, ndipo akadyerako gwafa, lalanje kapena malambe zimathandiza kuti ayironi alowe bwino. Usipa, matemba, nyama, nyemba, nandolo ndi bonongwe zisamasowe, ndipo ndalama imene ndatumiza mwezi uno ndi ya zimenezo. Chidede ndi madzi a masamba a mapeyala, zimene anthu amati zimawonjezera magazi, zisalowe m'malo mwa mapiritsi.

Ngati wamwa mwezi wathunthu koma Hb sikukwera, kapena ngati mapiritsi akumusanzitsa, akafunse achipatala ngati diripi imeneyi ingapezeke, makamaka popeza masiku ochira akuyandikira ndipo mapiritsi amachedwa. Saipereka m'miyezi itatu yoyambirira ya mimba, koma iye anapyola kale pamenepo. Asachite manyazi kufunsa, pakuti mankhwalawa si achilendo kwathu. Pa kafukufuku wotchedwa REVAMP, amene anachitika ku Zomba ndi ku Blantyre ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2023, amayi oyembekezera 862 anagawidwa, ena n'kulandira diripi yomweyi, ena mapiritsi. Anapeza kuti diripi ingaperekedwe bwinobwino m'zipatala zathu ndipo inadzaza ayironi m'thupi kuposa mapiritsi, koma chiwerengero cha amayi amene anali adakali ochepa magazi poyandikira kuchira sichinasiyane kwenikweni.

Mfundo yotsirizayi ndi imene ndikufuna kuti muimvetse, chifukwa kwathu magazi sachepa chifukwa cha ayironi yekha. Malungo amaphwanya magazi, njoka zam'mimba zimayamwa magazi m'matumbo, ndipo likodzo, limene ndi lofala kwathu kunyanja, limawatulutsa mu mkodzo pang'onopang'ono. Munthu amene ali ndi zimenezi angalandire diripi yodula koma osachira. Choncho mng'ono wanga akayezetse malungo, akapereke mkodzo ndi chimbudzi kuti aone, amwe Fansidar ndi mankhwala a njoka amene amapereka kusikelo, ndipo azigona m'neti usiku uliwonse. Akayamba kupuma movutika, mtima kugunda mothamanga ali chikhalire, kapena zikhatho ndi m'maso zikayereratu, musadikire tsiku lasikelo. Hb ikafika pansi pa 7 mayi woyembekezera amakhala pangozi yaikulu, ndipo ndi bwino kuti achibale amene angapereke magazi adziwiretu.

Ndikupempha kuti mundijambulire tsamba la buku lake lakuchipatala pamene analemba Hb ndi kunditumizira pa WhatsApp, ndipo muchitenso chimodzimodzi akadzamuyezanso. Ndalama yoyendera kupita kuchipatala chachikulu ndidzatumiza payokha. Moni kwa Bambo, kwa alamu anga ndi kwa ana onse.

Ine mwana wanu wamkazi,
ku Leeds