Za pulani ya nyumba ya amayi

Santhe, Kasungu

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Johannesburg. Kuno tilipo, amayi akupereka moni.

Nyumba yakale ija tagwirizana kuti igwetsedwe basi. Khoma la kum'mawa lang'aluka kuchokera pansi mpaka pazenera, ndipo chiswe chatha mitengo ya kudenga. Paja anaimanga ndi matope, maziko ake osazama. Mmisiri wati kuikonza n'kutaya ndalama.

Mapulani amene munatumiza pa WhatsApp ndawaona. Ija ya denga la makona ambiri ndi yokongoladi, koma mtima wanga wakana. Denga lotero limadya malata: amadulidwadulidwa, zidutswa n'kungotayika, ndipo pamene madenga akumana m'pamene mvula ya Januwale imayambira kudontha. Chimbudzi cha m'nyumba chimafuna madzi a m'mipopi, pamene amayi amatunga pamjigo. Nanga galaja tiikamo chiyani?

Ine ndasankha yosavuta ija: zipinda zitatu, pabalaza, ndi denga la mbali ziwiri. Ndapempha wojambula awonjezere kachipinda kosungiramo chimanga ndi mtedza, komanso akulitse khonde. Mukuwadziwa amayi, tsiku lonse amakhala pakhonde, kusenda mtedza, kulandira alendo, kuyang'anira adzukulu. Khondelo lifulatire mwera, apo ayi mu Juni ndi Julaye sadzakhalapo. Masitepe ndakana chifukwa cha mawondo awo. Khitchini ikhala panja, paja iwo ndi mafuwa sasiyana.

China chimene ndaikondera n'choti tikhoza kumanga pang'onopang'ono. Fodya akagulitsidwa ku Chinkhoma tiyala maziko ndi kukweza khoma, malata adzabwera pambuyo. Tiyamba ndi khitchini ndi kachipinda kake kuti amayi apeze pogona, kenaka tigwetse nyumba yakaleyo mu Meyi mvula itatha. Njerwa zosweka sitidzataya, tidzazitsira pansi tisanawake simenti.

Pali chimodzi chomwe ndikufuna maganizo anu. Malume akuti tiumbe njerwa n'kuwotcha, koma nkhuni kuno zasowa, mitengo inathera m'zigafa ndi m'mauvuni. Ine ndikuganiza za mabuloko, poti simenti ya Akshar amapanga a Shayona konkuno ku Kasungu. Mumamanga nawo kumeneko, ndiuzeni ngati satentha kwambiri mu Okutobala. Mundiyankhe msanga, mmisiri akudikira.

Ndine m'bale wanu wa kumudzi.