Chilengezo: Tidzaphunzira kumezanitsa mitengo Loweruka likudzali

Mamembala nonse a gulu lathu la zipatso zapakhomo,

Tikukudziwitsani kuti Loweruka likudzali tidzakumana pamalo athu a masiku onse nthawi ya 8 koloko m'mawa, dzuwa lisanawawe. Nkhani yaikulu ndi kumezanitsa mango ndi mapeyala. Ambiri mwakhala mukudandaula kuti mitengo yanu ikungokula osabereka. Mango odzala ndi njere amatenga zaka 5 kapena kuposerapo, pomwe omezanitsa amayamba kubereka pakatha zaka 3 kapena 4. Mubwere ndi mpeni wakuthwa, pulasitiki yomangira ndi tinthambi ta mtengo umene mukuudziwa kukoma kwake. Mudzatidule m'mawa womwewo kuti tisafote.

Tidzakambirananso za chinyezi, chifukwa kutentha ndi mvula zimene zimakulitsa mitengo ndi zomwenso zimalera matenda. Matenda a anthracnose amadetsa maluwa a mango n'kusiya madontho akuda pazipatso, makamaka mumtengo wothithikana umene mphepo sidutsamo. Ena mumachita chisoni kudulira nthambi, tikudziwa, koma tidzadulira limodzi mtengo umodzi kuti mantha achoke. Papaya ndiye safuna n'komwe madzi oima: masiku awiri okha, mizu yayamba kuwola. Mudzaleni pamtumbira.

Amene mwagula kale mbande, musakwirire pamene anamezanitsapo, ndipo manyowa asakhudze tsinde.

Muli ndi ana a nthochi otsala? Bweretsani tigawane, bola asachokere paphata lodwala chisaka.

Ndife,
Komiti ya gulu