Tinthambi ta chamba tikafota, musathamangire kuthirira

Akonzi,

Ndiloleni malo pang'ono m'nyuzipepala yanu kuti ndiyankhule ndi alimi amene ali ndi laisensi yolima chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale motsatira lamulo la 2020, makamaka iwo amene ayamba kuchulukitsa mbewu podula tinthambi m'malo mofesa njere. Chomwe chimagwetsa mphwayi ambiri pa ntchitoyi n'chimodzi: munthu wadula bwinobwino, wabzala, mawa lake apeza tonse tazolika mitu. Apo amatenga kheni n'kuthira madzi ambiri, wina mpaka feteleza, ndipo patatha masiku atatu kunsi kwa tsinde kwawola. Tinthambi tambiri timaphedwa ndi chithandizo choterechi, osati ndi kufota kwenikweniko.

Chamba chili ndi chachimuna ndi chachikazi, ndipo njere wamba zimatulutsa zonse ziwiri pafupifupi theka ndi theka. Kanthambi kodulidwa ku chomera chachikazi kamakhala kachikazi basi, kofanana ndi make m'kakulidwe komanso m'chibadwa cha CBD ndi THC, mankhwala awiri opezeka m'chamba (THC ndi yomwe imaledzeretsa, CBD siledzeretsa). Kwa mlimi amene malamulo amamuikira malire a THC, kufananaku n'kofunika. Koma kanthambi kamatengeranso matenda ndi tizilombo tonse ta make, nkhani yomwe ndibwererenso.

Chofunika kumvetsa ndi ichi. Kanthambi kalibe mizu, koma masamba ake akupitirizabe kutulutsa madzi ngati kuti palibe chachitika. Polowera madzi patsala pamodzi pokha, pa bala lomwe mwadula. Ndiye ntchito yanu m'masiku khumi oyamba ili pawiri: kuchepetsa madzi otayika m'masamba, ndi kuonetsetsa kuti kunsi kwa tsinde kuli chinyezi komanso mpweya. Mizu yatsopano simera popanda mpweya. Mukakhathamiritsa dothi ndi madzi mwautsekera kunja mpweyawo, koma masamba aja akumauma chimodzimodzi chifukwa vuto lawo lili m'mwamba, osati pansi.

Zonse zimayambira kwa mayi wake wa tinthambiti, ndiye kuti chomera chomwe mukudulako. Akhale wathanzi, wosayamba maluwa, wosungidwa pa kuwala kwa maola pafupifupi 18 pa tsiku kuti azingokula masamba ndi nthambi. Kanthambi kochokera ku chomera chomwe chayamba maluwa kamatha kumera mizu, koma kamachedwa ndipo kamayamba ndi masamba opotoka kasanabwerere mwakale. Kwa masiku angapo musanadule, chepetsani feteleza wa naitulojeni, chifukwa nthambi zonenepa ndi zofewa kwambiri zimafota msanga ndipo zimawola msanga. Thirirani mayiyo bwino dzulo lake, ndipo mudule m'mawa nthambi zidakali zodzaza madzi.

Sankhani nsonga yotalika masentimita 10 mpaka 15, yokhala ndi mfundo zitatu kapena zinayi, tsinde lake lolimba pang'ono koma lisanakhwime ngati mtengo. Gwiritsani ntchito lezala latsopano kapena kampeni kakuthwa kwambiri. Sizasi yobuntha imafinya timitsempha tonyamula madzi, ndipo kanthambi kotero kamayamba ulendo kali kopunduka kale. Dulani mopendekeka kunsi pang'ono kwa mfundo, popeza pa mfundo ndi pomwe mizu imatuluka mosavuta. Mukangodula, ponyani m'kapu ya madzi oyera nthawi yomweyo. Musaunjike tinthambi patebulo kuti mubzale pamodzi mukatha. Tsinde lodulidwa likakhala pamtunda limakoka mpweya m'mitsempha yake, ndipo kathovu ka mpweyako kamatseka njira ya madzi. Kufota kwina kwa tsiku loyamba kumachokera pamenepa.

Chotsani masamba a m'munsi omwe angakwiririke kapena kukhudza dothi, musiye awiri kapena atatu akuluakulu pamodzi ndi nsonga. Pali chizolowezi chodula nsonga za masamba otsalawo poganiza kuti madzi otayika achepa. Kafukufuku wa ku University of Guelph ku Canada, wofalitsidwa mu 2018, anapeza kuti kudula nsonga za masamba kunachepetsa chiwerengero cha tinthambi tomera mizu, ndipo kuti tinthambi ta masamba atatu tinali ndi mizu yabwino kuposa ta masamba awiri. N'zomveka, pakuti tsamba ndiye nkhokwe ya chakudya cha kanthambi kopanda mizu, ndipo bala lililonse ndi khomo la nkhungu. Ine ndimaona kuti kudula masamba kuli ndi phindu pokhapo pamene tinthambi tathithikana m'thireyi mpaka masamba kumagundana n'kumasunga madontho. Kupanda apo asiyeni.

Mankhwala omeretsa mizu odziwika bwino ndi IBA, ndipo amabwera ngati ufa kapena phalaphala. Kafukufuku yemweyo anapeza kuti IBA wa mphamvu ya 0.2% anaposa kutali mankhwala opangidwa kuchokera ku mtengo wa willow. Tsanulirani pang'ono m'kachivindikiro, muviike sentimita imodzi kapena awiri a kunsi kwa tsinde, ndipo zotsala mutaye. Kuviika m'botolo momwemo n'kufalitsa matenda ku tinthambi tonse tomwe mudzadule mtsogolo. Kuchulutsa mankhwalawa sikufulumizitsa kanthu, kumangowotcha tsinde kapena kupanga chotupa chachikulu chomwe mizu imachedwa kutulukapo.

Chobzalamo chikhale chopepuka, chosunga chinyezi koma cholowa mpweya: rockwool (ubweya wopangidwa kuchokera ku miyala), timabulu ta peat (zomera zowolerana za m'madambo), coco peat (makoko a kokonati operedwa) wosakaniza ndi perlite (timiyala toyera topepuka), kapena mchenga wa mumtsinje wotsukidwa ndi kuphikidwa. Dothi la m'munda lili ndi tizilombo toyambitsa kuwola ndipo limagwirana likanyowa. Rockwool ayambe wanyikidwa m'madzi a pH (muyeso wa asidi) ya 5.5 kapena kupitirira pang'ono, kenako mumukutumule kuti madzi owonjezera atuluke, osamufinya ngati nsalu chifukwa mumaphwanya timipata ta mpweya. Coco peat kapena peat muyeseni m'manja: mukafinya patuluke dontho limodzi kapena awiri, osati mtsinje. Boolani kadzenje kakuya masentimita awiri kapena atatu ndi kamtengo koyera, mulowetse tsinde osapukuta mankhwala aja, ndipo mutsindire pang'ono kuti lisagwedere. Tsinde logwedera m'dzenje lalikulu limauma kunsi ngakhale pozungulira pali ponyowa.

Tsopano vindikirani. Chivindikiro cha pulasitiki yoonekera, kaya chogula kaya jumbo yoyera yokwezedwa pa timitengo kuti isakhudze masamba, ndicho chimagwira ntchito ya mizu m'masiku oyambawa. Chinyezi cha mumpweya chikhale cha 80% mpaka 90%, kutentha madigiri 22 mpaka 26. Kukazizira kufika pansi pa madigiri 20 mizu imachedwa kwambiri, ndipo kukapitirira 30 tinthambi timafota ndi kuwola. Kuwala kukhale kofatsa, kwa maola 18, kuchokera ku getsi la chubu kapena la LED lokwezedwa patali, kapena pamthunzi wowala bwino. Dzuwa lowomba mwachindunji pa pulasitiki limatha kupha thireyi yonse pa nthawi yochepa. Wazani madzi m'kati mwa chivindikirocho kuposa pa masamba penipeni, ndipo tsiku lililonse muchitsegule kwa mphindi zingapo kuti mpweya usinthe. Feteleza ayi, popeza palibe muzu woti umwe.

Nanga tikafota? Musanachite chilichonse, yang'anani kaye kuti ndi kufota kwa mtundu wanji, pakuti mankhwala a mtundu wina ndi poizoni ku mtundu unzake.

Kufota kwa maola oyamba mpaka tsiku lachiwiri, masamba ali obiriwira ndipo tsinde lili lolimba kunsi, nthawi zambiri si matenda. Wazani madzi pang'ono pa masamba, tsekani chivindikiro, chepetsani kuwala, ndipo musakhudzenso. Tambiri timadzuka tokha pofika mawa. Kanthambi komwe sikanadzuke patatha tsiku lathunthu, kazuleni mosamala, mukaike m'beseni la madzi oyera osazizira kwambiri, ndipo mudulenso sentimita imodzi kunsi tsinde lili m'madzi momwemo kuti mpweya usalowenso. Kasiyeni kataima m'kapu ya madzi pamthunzi, kovindikira ndi jumbo, kwa maola angapo kapena usiku wonse. Kakawongoka, pakaninso mankhwala n'kubzala m'chobzalamo chatsopano. Ngati kanali ndi masamba ambiri aakulu, apa ndiye pochotsa limodzi. Komwe masamba ake auma mpaka kuthetheka m'manja, katayeni.

Kufota kobwera mochedwa, tsiku lachinayi kapena kupitirira, n'kokayikitsa. Nyamulani thireyi mumve kulemera kwake. Ikakhala yopepuka ndipo chobzalamo chauma, thirirani pang'ono kuchokera pansi, madzi otsala muwataye. Ikakhala yolemera, zulani kamodzi muone kunsi. Tsinde lofiirira kapena lakuda, loterera, khungu lake losendeka mukalikhudza, ndiye kuti lawola, ndipo oyambitsa ake kawirikawiri ndi tizilombo ta Pythium kapena Fusarium tomwe timakonda malo onyowa ndi otentha. Kanthambi kotere kamaoneka ngati kali ndi ludzu pamene kakumira. Mungayese kudula pamwamba pa powola mpaka mutafika poyera, ndi lezala lotsuka, n'kubzala padera. Koma ngati mayi wake alipo ndipo ali bwino, kudula katsopano n'kwanzeru kuposa kulera kodwala pakati pa tinzake. Chobzalamo chake chitayidwe, thireyi itsukidwe. Nkhungu yotuwa ya Botrytis pa masamba kapena pansonga imasonyeza kuti mpweya sukuyenda ndipo masamba akugona onyowa. Chotsani zogwidwazo, tsegulani timabowo ta chivindikiro, siyani kuwaza.

Masamba a m'munsi akayamba chikasu cha pa tsiku la 7 mpaka la 10 pamene nsonga ili njo, musadandaule. Kanthambi kakusamutsa chakudya kuchoka m'masamba akale kupita kumene kukumera mizu. Mizu imaonekera pakati pa masiku 7 ndi 14, mitundu ina mpaka masabata atatu. Lekani kukoka tinthambi tsiku ndi tsiku pofuna kuona ngati tagwira, chifukwa timizu toyamba n'tosachedwa kuduka. Dikirani muione yoyera itatulukira pansi kapena m'mbali.

Mtundu wachitatu umapweteka mtima kwambiri chifukwa umagwira tinthambi tomwe tamera kale mizu. Mlimi akaona mizu amasangalala n'kuchotseratu chivindikiro, kapena kutulutsa thireyi padzuwa, ndipo pofika masana zonse zagona. Masamba omwe akhala m'chinyezi sabata ziwiri amakhala asanazolowere kutseka timabowo tawo msanga, ndipo timizu tochepato sitingakwanitse kubweza madzi otayika. Bwezerani chivindikiro, tidzuka. Kenako muyambe pang'onopang'ono: tsegulani timabowo ta chivindikiro theka, onjezerani tsiku lililonse, chotsani chivindikiro kwa ola limodzi, mawa maola atatu, mpaka tizitha tsiku lonse osazolika. Feteleza woyamba akhale wosungunula kwambiri, gawo limodzi mwa magawo anayi a muyeso wa chomera chachikulu. Powokera m'chubu kapena mumphika, sankhani waung'ono kaye, chifukwa mphika waukulu umasunga madzi omwe mizu yaing'ono singamalize. Chitani madzulo, ndipo musunge pamthunzi masiku awiri kapena atatu.

Tinthambi togula kwa mlimi wina timafika totopa ndi ulendo, ndipo tithandizidwe chimodzimodzi: mthunzi, chinyezi, madzi ochepa, feteleza ayi mpaka titadzuka. Koma tisungeni patokha kwa sabata ziwiri musanatisakanize ndi mbewu zanu, mukuyang'ana kunsi kwa masamba ngati kuli akangaude ofiira, thrips (tizilombo ting'onoting'ono toyamwa masamba) kapena nkhungu yoyera ngati ufa.

Ndibwerere ku nkhani ya matenda ija. Pali kachilombo kotchedwa hop latent viroid komwe kanatsimikizidwa m'chamba ku California mu 2019. Mayi akhoza kukhala nako osaonetsa chizindikiro chilichonse, koma ana ake amachedwa kumera mizu, amapinimbira, nthambi zawo zimathyoka msanga ndipo zokolola zimatsika. Kamayenda ndi madzi a chomera otsalira pa lezala kapena sizasi. Sipiliti amapha tizilombo tina tambiri koma sadalirika pa aka. Chomwe chimathandiza ndi bulichi wa m'nyumba wosungunula, gawo limodzi ku magawo asanu ndi anayi a madzi, kuviikamo chida musanachoke pa mayi mmodzi kupita pa wina, n'kuchitsukuluza ndi madzi oyera. Ngati tinthambi ta mayi mmodzi timangofooka ulendo uliwonse pamene ta anzake m'thireyi yomweyo tikuchita bwino, musalimbane ndi chivindikiro kapena getsi. Lembani dzina la mayi pa kanthambi kalikonse pamodzi ndi tsiku lodula, kuti wokayikitsayo adziwike, ayezedwe ku labotale, kapena achotsedwe.

Ine wanu,
Mlangizi wa za nazale