Ndiulule kapena ndikhale chete mpaka andisayinire?

Okondedwa Alangizi,

Ndine mtsikana wa zaka 22, kwathu ndi ku Lizulu m'boma la Ntcheu. Ndili chaka chachitatu pa koleji ina ku Blantyre komwe ndikuphunzira za malonda ndi kutsatsa katundu. Tisanalowe chaka chomaliza, aliyense amayenera kukachita atachimenti, kutanthauza kukaphunzira ntchito pa kampani, ndipo ine ndinapeza malo pa kampani ina yaikulu yogulitsa mafuta ophikira ndi sopo. Tsiku lomwe anandiimbira foni, mayi anga anasiya milu ya kachewere m'mbali mwa msewu n'kuyamba kuvina, anzawo apamsika akulululutira. Ndi kachewere yemweyo, pamodzi ndi ngongole ya ophunzira ya boma, amene wandifikitsa pamene ndili.

Ku ofesi ku Lilongwe ndinangokhalako masabata awiri. Atamva kuti ndimadziwa bwino Dedza ndi Ntcheu, ananditumiza ku gulu loyendayenda m'misika. Tinkadzuka mbandakucha, galimoto itasenza zokuzira mawu, n'kumaima pa Chimbiya, Dedza boma, Bembeke, Lizulu, Mlangeni mpaka Kampepuza. Masiku ena tinkatsetsereka kupita ku Golomoti ndi Mtakataka.

Ntchitoyi ndinaikonda, ndipo mpaka lero ndikuikonda. Zomwe ndinaona m'misikamo m'kalasi simunali. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amayi ambiri kumudzi anasiya kugula botolo lathunthu. Amagula mafuta oyeza m'kapepala, ongokwanira ndiwo za tsiku limenelo. Anyamata a chiwaya nawo ali ndi masamu awo: iwo amafuna chigubu chachikulu, ndipo amawerengera kuti mafutawo akazinga maulendo angati asanade. Kwathu ku Lizulu ndiye nkhani ndi ina, chifukwa ukangowoloka msewu wa M1 uli kale ku Mozambique, ndipo wogula amayamba wafunsa mtengo mbali zonse ziwiri. Zonsezi ndinkazilemba m'kakope kanga usiku uliwonse, ndikuganiza kuti mabwana adzafuna kuzimva.

Vuto linayamba mwezi wachiwiri. Likulu linatipatsa mafomu 300 a kafukufuku oti tifunse eni magolosale ndi maokala za momwe katundu wathu akuyendera. Sabata itatha tinali titadzaza 70 okha, chifukwa wogulitsa sangasiye kasitomala kuti azikuyankha mafunso masamba atatu. Usiku wina, tili pa malo ogona alendo ku Dedza, kunja kukuzizira ngati mmene mukudziwira Julayi wa ku Dedza, bwana wotiyang'anira anandiitana ine ndi mnzanga wina wa atachimenti. Anaika mulu wa mafomu patebulo, pambali pake zolembera zitatu, chakuda, chabuluu ndi chofiira. Anati, “Mudzaze onsewa. Muzisintha zolembera, ndipo kalembedwe kasamafanane. Kumunda kuno ndi mmene timachitira.” Anatiuzanso mayankho oti tizichulutsa. Ndinalemba mpaka 2 koloko m'mawa, zala zitauma ndi chisanu. Sindinakane, Alangizi, ndipo zimenezi n'zomwe zikundidya.

Koma chomwe chandithetsa nzeru ndi kaundula wa mphatso. Kampani imapereka ndowa, maambulera, zitenje ndi makatoni aulere kwa ogulitsa omwe amaoda kwambiri. Sabata yatha bwana anandipatsa kaundulayo kuti ndilowetse mu kompyuta. Pa tsamba la Lizulu ndinapezapo dzina la golosale ya azakhali anga, kuti analandira makatoni awiri ndi ambulera yaikulu. Pambali pake panali siginecha yokongola, yopotanapotana. Azakhali anga sadziwa kulemba. Kulikonse amadinda chala. Loweruka nditapita kumudzi ndinawafunsa mozungulira, iwo n'kuseka: “Ambulera yake iti, mwana iwe? Suona ndikupsa ndi dzuwa pakhonde pano?” Ndinayenda m'magolosale ena anayi omwe eni ake ndimawadziwa kuyambira ndili mwana. Mmodzi yekha ndi amene analandirako kanthu, chitenje chimodzi.

Lipoti la kafukufuku wabodza uja linapita ku Lilongwe ndipo analiyamikira pa msonkhano. Likuti anthu a kuno amakonda mabotolo akuluakulu, ndipo ndamva kuti akufuna kuchepetsa timapaketi ting'onoting'ono totumiza kuno. Ine ndikudziwa kuti timeneti ndi tomwe anthu akwathu angakwanitse. Dzina langa lilinso pa lipotilo, m'munsi, monga mmodzi mwa otolera mayankho.

Tsopano khoswe wakhala pamkhate. Bwana yemweyu ndi amene ayenera kusayina logbook yanga, buku lomwe ndimalembamo ntchito zomwe ndagwira, ndi kundipatsa malikisi opita kusukulu. Akakana, atachimenti yonse ndiyambiranso, ndipo anzanga adzamaliza ine ndili m'mbuyo. Kaalawansi komwe amatipatsa kamathera pa chakudya ndi minibasi, ndiye kuyambiranso ndi mtolo womwe ungagwere mayi anga. Komanso munthuyu si woipa m'zonse. Anandiphunzitsa kuyankhula pa chinkuzamawu osanjenjemera, ndipo wandilonjeza kuti adzandinenera kwa akuluakulu ntchito ikapezeka. Inu mukudziwa mmene ntchito ikusowera, anthu a madigiri ali pa kabaza.

Mnzanga uja akuti ndisadziputire mavuto, ife ndife alendo ndipo tikupita. Mayi nditawauza anakhala chete nthawi yaitali akusenda kachewere, kenako anati, “Kumeneko n'kwa eni ake, iwe tenga pepala lako.” Koma usiku womwewo ndinawamva akundipempherera kuti ndisalowe m'zakuba. Azakhali sindinawauze kuti dzina lawo likudyeredwa, chifukwa ndikuwadziwa, akhoza kukaima kutsogolo kwa galimoto ya kampani tsiku la msika.

Ndikuopanso kuti tsiku lina owerengera chuma akadzafufuza, adzapeza kalembedwe kanga pa mafomu oposa 100, ndiponso kuti kaundula analowa mu kompyuta kudzera m'manja mwanga. Bwana adzangoti ndi ana a sukulu anasokoneza. Ndani adzandikhulupirire?

Ndithandizeni. Kodi ndipite kwa amayi oona za antchito ku likulu, ndivomere mbali yanga, ngakhale zitanthauze kutaya siginecha? Kapena ndiyambe ndauza aphunzitsi anga omwe amatiyendera pa atachimenti, kuti sukulu idziwiretu bwana asanandilembere zoipa? Nanga ndikadikira kuti asayine kaye kenako n'kuulula, sindikhala kuti ndamudyera masuku pamutu munthu amene wandiphunzitsa ntchito? Tsamba la Lizulu lija ndinalijambula pa foni, koma sindikudziwa ngati kusunga chithunzi chotere si mlandu pakokha.

Kwatsala masabata atatu kuti atachimenti ithe, ndipo Lolemba likubwerali bwana akuti kwabwera mafomu ena 200 a ku Tsangano.

Ine wosowa mtendere,
Lizulu, Ntcheu