Alaliki obwera ndi zokuzira mawu, yambani mwafunsa ife okhala kuno

Akonzi,

Ndine mkulu wa mpingo, ndipo ndakhala m'boma la Mangochi zaka zoposa 20, pakati pa anansi amene ambiri ndi Asilamu olankhula Chiyao. Ndiloleni ndidandaule pa zimene Akhristu anzanga ena akuchita akabwera kudzalalikira kwa anthu osadziwa za chikhulupiriro chathu. Ndinenetu poyamba kuti kulalikira sindikudana nako. Ndi ntchito imene tinatumidwa, ndipo gawo 33 la malamulo aakulu a dziko lino limapereka ufulu wachipembedzo kwa aliyense. Chandiwawa ine ndi kalalikidwe kake.

M'mwezi wa Ramadani wapitawu kunabwera gulu la achinyamata kuchokera m'tauni, pa lole, ali ndi jenereta, zokuzira mawu zinayi ndi kwaya yovala bwino. Anaimika zinthu zawo pabwalo la msika, mzikiti uli poteropo. Sanapite kwa amfumu, ndipo ngakhale ife a mipingo ya kuno tinangodzidzimuka ndi phokoso. Dzuwa likulowa, anthu amene asala chakudya ndi madzi tsiku lonse akuti akhale pansi amasule kusala kwawo, ndi pamene ng'oma zinayamba. Mlaliki ankalankhula Chingelezi, wina n'kumamasulira m'Chichewa, m'mudzi umene agogo ambiri amaganiza ndi kulota m'Chiyao.

M'mawa mwake mayi wina wachikulire, amene amagulitsa zitumbuwa pafupi ndi nyumba yanga, anandiitana pambali. Anandifunsa motsitsa mawu: "Bambo, ndiuzeni zoona. Kodi kutchalitchi kwanu mumasambadi magazi a nkhosa?" Poyamba ndinafuna kuseka, koma nditaona nkhope yawo ndinadziwa kuti afunsa ali ndi mantha. Mlaliki uja anali atakuwa usiku wonse kuti amene sanasambitsidwe m'mwazi wa Mwanawankhosa akapsa kugehena. Ife amene tinakulira mu Sande sukulu tikamva mawu amenewo timadziwa kuti akunena za imfa ya Yesu pamtanda. Nanga munthu amene sanalowepo m'tchalitchi amva chiyani? Musaiwale kuti m'dziko lomwe lino, mu 2017, mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu m'madera a ku Mulanje ndi Phalombe. Nkhani ya magazi si yoponya mwachisawawa pa chokuzira mawu.

Mawu athu ambiri ndi otero. Chisomo, kubadwanso mwatsopano, kudzoza, kumasulidwa: timawatchula ngati aliyense anabadwa nawo. Koma anansi angawa dzina la Yesu si lachilendo kwa iwo. Amamutcha Isa mwana wa Mariyamu, amamulemekeza ngati mneneri, ndipo m'Kurani muli sura yathunthu, ya nambala 19, yotchedwa ndi dzina la mayi wake. Pamene timasiyana ndi pa mtanda ndi pa umwana wake wa Mulungu, ndipo kusiyanako n'kwakukulu, sindikubisa. Komatu poyambira kucheza palipo kale. Mlaliki amene sakudziwa ngakhale zimenezi, nayamba ndi kutchula anthu kuti akunja, wadzitsekera yekha khomo.

Tsiku lachitatu anaitana ofuna kulandira Yesu kuti akweze manja. Ana anakweza ambiri, pakuti kutsogoloko kunkagawidwa maswiti ndi mabisiketi. Wina anawerenga manjawo, wina anajambula, ndipo madzulo omwewo zithunzi zinali pa Facebook ndi mawu akuti mudzi wonse watembenuka mtima. Lole inanyamuka. Lamulungu lotsatira, m'tchalitchi mwathu munali anthu omwe aja a masiku onse, osaonjezekera ngakhale mmodzi. Chimene chinasintha n'chakuti banja limene chaka chilichonse limatitumizira mbale ya futali m'mwezi wosala, chaka chino silinatumize, ndipo pa msonkhano wa komiti ya mjigo anthu ankalankhula nafe mozungulira. Zinatitengera miyezi kuti tiyambirenso kupatsana moni wa kumtima. Alendo aja anali mame, koma matope anatsalira ife.

Amene anayamba ntchitoyi m'boma lino sanaone zophweka choncho. Amishonale a Livingstonia anafika ku Cape Maclear mu 1875, pamodzi ndi Dr Robert Laws. Anachiza odwala, anaphunzitsa ana, anaphunzira chinenero, ena a iwo anafera komweko ndipo manda awo akadalipo. Munthu woyamba kubatizidwa, Albert Namalambe, anabatizidwa mu 1881. Zaka zonsezo, munthu mmodzi. Ansembe a Katolika otchedwa White Fathers anafika kwa mfumu Mponda mu 1889, nachoka mu 1891 osasiya mpingo. Tsono wina akabwera Lachisanu n'kuchoka Lolemba atatembenuza mudzi wonse, ine ndimangoti mwina mawerengedwe athu ndi osiyana.

Munthu amene ndimamuganizira kwambiri ndi William Koyi, Mxhosa wochokera ku sukulu ya Lovedale ku South Africa, amene anabwera kudzathandiza mishoni ya Livingstonia mu 1876. Angoni a Inkosi M'mbelwa kumpoto ankaopedwa ndi aliyense, azungu omwe. Koyi ankatha kumvana nawo pakuti chinenero chake chinali pachibale ndi chawo, ndipo ankadziwa mwambo wa pabwalo la mfumu, polankhula ndi pokhala chete. Anakhazikika ku Njuyu mu 1882, n'kukhala pakati pawo pamene sukulu zinali zisanaloledwe n'komwe. Anamwalira mu 1886, chaka chomwe M'mbelwa anavomera kuti sukulu zitsegulidwe. Zipatso zambiri za ntchito yake sanazione. Akanakhala kuti ankatumiza malipoti a mwezi ndi mwezi kwa othandiza ndi ndalama, bwenzi atamuchotsa ntchito.

Ndipo apa ndi pamene ndikukayikira kuti pagona vuto. Misonkhano yambiri ya chitsitsimutso imayendera thandizo la anthu akutali amene amafuna manambala ndi zithunzi. Kukhala pamphasa ndi nkhalamba masana onse, kumva za mwana wake amene anapita ku Joni osatumiza uthenga, sikutuluka bwino pa chithunzi.

Kwa ine, mpata weniweni wolankhula za chikhulupiriro changa unabwera pamaliro a mkazi wanga. Anansi Achisilamu anabwera, amayi anatunga madzi ndi kuphika, abambo anagona nafe pasiwa. Patatha sabata, msodzi wina amene timagawana naye malire a munda anandipeza pakhonde. Anati, "Achimwene, usiku uja munkaimba mpaka mbandakucha ngati anthu amene akuperekeza munthu paulendo woti mudzakumananso. Mumatsimikiza bwanji?" Tinakhala mpaka mdima. Ndinamuuza za kuuka kwa Yesu m'mawu amene ndikanauza mwana wanga, iye anandiuza zimene amakhulupirira za tsiku lachiweruzo, ndipo pena tinatsutsana ndithu. Sanatembenuke. Lachisanu lililonse amapita kumzikiti monga kale. Koma amabwerabe ndi mafunso, ndipo mwezi watha anandipempha kuti ndimupezere Uthenga Wabwino wa Luka m'Chiyao kuti adziwerengere yekha. Kalata yoyamba ya Petro imatiuza kuti tikhale okonzeka kuyankha wotifunsa za chiyembekezo chathu, mofatsa ndi mwaulemu. Kuti munthu afike pokufunsa, ayenera kukhala kuti wakuona kwa nthawi.

Pempho langa likupita kwa abusa ndi atsogoleri amene mumatumiza magulu amenewa. Musanakweze jenereta pa lole, tiimbireni foni ife a mipingo ya kuno, tikuuzeni mwezi woyenera kubwera ndi malo oimika zokuzira mawu. Kaonekereni kwa amfumu, ndipo kupereka moni kwa shehe sikuchotsa chikhristu cha munthu. M'gululo mukhale wina wodziwa Chiyao, ena onsewo aphunzireko ngakhale "Ali uli?" ndi "Sikomo". Maswiti asiyeni kunyumba, kapena agawireni ana onse popanda kuwauza kuti akweze manja. Ndipo ngati pali mmodzi mwa achinyamata anuwo amene angalole kutsala kuno chaka chathunthu, kunyumba kwanga kuli chipinda chopanda munthu.

Mkulu wa mpingo,
Mangochi