Kalata kwa Nduna ya Zachuma: madola akuthera ku malaisensi

Olemekezeka a Nduna,

Nkhani ya kusowa kwa foleksi ikabuka mumatchula mafuta, feteleza ndi mankhwala, koma pali pena pomwe madola akudonthera mwakachetechete, malaisensi a mapulogalamu apakompyuta. Windows ndi Microsoft Office eni ake amawerengera m'madola, ndiye kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 bilu inangokwera yokha, chonsecho kalata yomwe a sekilitale akutaipa ku Capital Hill ndi yomwe ija, pulogalamu ina yolembera yotchedwa LibreOffice ikanailemba popanda kulipira laisensi.

LibreOffice ndi ya open source, kutanthauza pulogalamu yomwe khodi yake (malangizo omwe imayendera) aliyense atha kuiona nkuisintha, koma musamve ngati open source ndi yaulere ayi, amene akukuuzani choncho akukunamizani. Pamafunika maseva, kuphunzitsa anthu, komanso wina wodzuka usiku sisitemu ikagwa. Koma ndalama imeneyo mumalipira m'makwacha, kwa anyamata ndi atsikana omaliza ku MUBAS, MUST kapena Chanco omwe pano akungoika ma Windows obera m'malaputopu a anthu mtauni, ndipo akalandira malipiro msonkho wa PAYE ubwerera kwa inu nomwe.

Si zachilendonso kuno. Unduna wa Zaumoyo wakhala ukusonkhanitsa malipoti a zipatala pa DHIS2, pulogalamu yochokera ku University of Oslo yomwe khodi yake aliyense atha kuiona nkuisintha, ndipo Amalawi akuiyendetsa. Ngakhale ku Germany komwe ndalama si vuto, chigawo cha Schleswig-Holstein chinalengeza mu 2024 kuti makompyuta aboma pafupifupi 30,000 asamukira ku LibreOffice. Nanga ife osauka tikukakamira chani?

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi mapasipoti. Kumayambiriro kwa 2024 kusindikiza kunaima kwa masabata, anthu akugona pamzere ku Immigration, ena maulendo a sukulu ndi chipatala kunja anawapita. Kaya olakwa anali ndani, chinaoneka poyera nchakuti boma linalipira ndalama zambiri pa sisitemu yomwe silimatha kuitsegula lokha. Kumanga nyumba ndi ndalama zako makiyi nkukhala kwa mmisiri, zoona zimenezo?

Pempho langa ndi ili bwana. Kontilakiti iliyonse ya sofutiweya isanasainidwe, pakhale ndime yoti khodi ndi deta zikhala m'manja mwa boma, ndipo unduna wofuna kugula za laisensi uyambe walemba chifukwa chomwe za open source sizingagwire ntchitoyo. Mu bajeti ikubwerayi mutiuzenso kuti malaisensi onse aboma amadya madola angati pachaka, tiwerengere limodzi.

Ine wanu,
Mmalawi wokhoma msonkho